Mwana wa Mnzako Akabwera Kudzaphunzira Ntchito

Chaka chilichonse ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, monga MUBAS, KUHeS ndi Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, amatumizidwa m'zipatala, m'maofesi ndi m'makampani kuti akazolowere ntchito. Ena mwa owayang'anira kumeneko ndi akhristu a m'parishi muno.

Nanga amawalandira bwanji? Ena amangowatuma tiyi ndi fotokope mpaka nthawi yawo kutha. Ena amabisa luso poopa kulandidwa mpando. Choipitsitsa, alipo amene amafuna thupi la mtsikana asanasaine fomu yake. Limenelo ndi tchimo lalikulu, lofunika kulapa.

Yesu mwini adaphunzira kupala matabwa kwa Yosefe Woyera ku Nazarete. Paulo Woyera adatenga Timoteo ku Lustra (Ntchito 16:1-3), nayenda naye m'maulendo ake, kenaka adamsiyira mpingo wa ku Efeso. Sadaope kuti mnyamatayo adzamposa.

Mkhristu amene ali ndi wophunzira kuntchito kwake, sabata ino akhale naye pansi, amuonetse ntchito yeniyeni, ndipo akalakwitsa amuwongolere mwachifatso. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa tsiku lomaliza Ambuye adzafunsa aliyense za luso limene adampatsa: kodi adaligawira yani?