Mlonda wosagonayu ndi wa yani?

Anthu amene amagulitsa zipangizo zoti nyumba izidzilondera yokha sanama ayi. Geti limatsegukadi ukangodina kabatani uli m'galimoto. Kamera ya pakhomo imakutumiziradi chithunzi pafoni uli pakati pa msika wa Soweto, ndipo getsi la panja limayakadi lokha chinthu chikangodutsa pabwalo. Nesi amene waweruka usiku safunikanso kutsika mumdima kuti akankhe geti, pamene tonse tikudziwa kuti pageti pomwepo m'pamene mbala zimakonda kubisalira. Ngakhale kwathu kuno m'makomboni, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere, kagetsi kasola kodziyatsa kokha, kokhomedwa pamwamba pa chitseko cha chimbudzi cha panja, kamachotsera mwana wamkazi mantha ambiri. Amene amanyoza zinthu zimenezi kuti ndi matama a anthu a kumayadi sanayambe wapitapo kuchimbudzi chotero 2 koloko usiku.

Choncho sindikufunsa ngati zipangizozi zimagwira ntchito. Zimagwira. Ndikufunsa zimene agogo athu akanafunsa ataona mlonda wachilendo pamudzi: mnyamatayu wamutuma ndani, ndipo akaona choopsa adzadzutsa yani?

Funsoli limaoneka bwino tikalichotsa mu Lusaka n'kupita nalo kumene wakuba wamkulu sayenda ndi chitsulo chothyolera maloko. Mukatsata msewu wa Great East mpaka pafupi ndi mlatho wa Luangwa, n'kukhotera kum'mwera, mufika pa boma la Luangwa, limene akuluakulu amalitchulabe kuti Feira, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Tsidya lina kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya linalo kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Kumtunda kwake, m'mbali mwa Zambezi, cha kumene kuli nkhalango ya Lower Zambezi National Park, kuli mudzi wa Kavalamanja. M'dera limeneli akuba ausiku ndi njovu ndi mvuu. Njovu zingapo zikalowa m'munda zimatha kumaliza usiku umodzi chimanga chimene banja linkadalira chaka chonse. Ndiye anthu amagona kumunda, pansanja kapena m'kamsasa, moto uli pambali, zitini zili pafupi. M'chigwa cha Luangwa alimi ena amafukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe za njovu zomwezo, chifukwa chitamba sichipirira utsi wake.

Amene anganene kuti moyo woterewu ndi wokoma chifukwa ndi wachikhalidwe ayambe wagona panja miyezi itatu udzudzu ukumulira m'khutu. Kufuna tulo si ulesi. Mnyamata amene wachezera kuimba zitini amasinza m'kalasi m'mawa, ndipo pa mayeso palibe amene amamuonjezera malikisi a njovu zimene anathamangitsa. Ku Kenya, pafupi ndi Nairobi National Park, mnyamata wachimasai dzina lake Richard Turere anatopa ndi mikango imene inkapha ng'ombe za atate ake. Anaona kuti mikango imaopa kuwala koyenda, chifukwa imayesa kuti pali munthu wa tochi. Ndiye anatenga batire la galimoto, sola, timababu, ndi kabokosi kamene kamathwanimitsa maindiketa a njinga yamoto, n'kuzika timagetsi tozungulira khola, toyaka mosinthanasinthana usiku wonse. Mu 2013, ali ndi zaka 13, anakafotokoza nzeru yakeyo pa msonkhano wa TED. Makina oterewa ndikhoza kuwaikira kumbuyo pamaso pa aliyense. Sanalande munthu ntchito imene ankaikonda. Anamubwezera usiku wake.

Koma njovu imene yabwezedwa ndi waya wamagetsi kapena ndi kuwala siibwerera kuthengo kukagona ndi njala. Imatsata mpanda mpaka pamene wathera, n'kulowa m'munda wa amene analibe ndalama ya waya, mwina gogo wamasiye amene akulera zidzukulu. Mbala ya ku Lusaka nayonso imachita chimodzimodzi. Ikaona kamera ndi waya pamwamba pa khoma siilapa. Imangodutsa n'kukayesa chitseko chotsatira. Mwini kamera wapulumuka, n'zoona, ndipo palibe angamuimbe mlandu poteteza ana ake. Kungoti tisamanene kuti umbava wachepa pamene wangosamukira kwa wosauka.

Pali kusiyana kumodzi pakati pa mlonda wakale ndi watsopano kumene ogulitsa sakutchula. Munthu akakuwa kuti "Njovu!" kapena "Wakuba!", mawu ake sasankha khutu. Amadzutsa mnzake, amadzutsa amene anakangana naye dzulo pa nkhani ya malire, amadzutsa ngakhale wa lendi amene wangobwera sabata yatha. Uthenga wa kamera umalowa m'thumba limodzi, mwakachetechete. Chitetezo chimene chinali ngati chitsime cha mudzi chimasanduka madzi a m'botolo, akumwa yekha amene wagula. Ndipo munthu amene safunanso kudzutsidwa ndi anzake, pang'ono ndi pang'ono amaleka kuwadzukira. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambiwu umaima pa mfundo yakuti tonse tili ndi ndevu zoti n'kupsa. Wina akagula ndevu zosagwira moto, chom'dzutsira pakati pa usiku chimatsala chifundo chokha, ndipo chifundo chimagona tulo tofa nato kuposa mantha.

Mlanduwu si wa waya. Waya womwewo ukhoza kuzungulira minda ya mabanja makumi awiri pamodzi, iwo n'kumasinthana kupukuta sola ndi kudula udzu umene umabera mpanda mphamvu. Kachipangizo komweko kakhoza kuliza belu lomveka mzere wonse wa nyumba m'malo mongonong'oneza foni ya mwini wake. Posankha pamene mpanda uthere, munthu amakhala akusankha amene akumuwerengera ngati wake.

Tsopano mbali ina ya funso lija: mlondayu wamutuma ndani? Anthu a m'chigwa cha Zambezi ali ndi mbiri yaitali pa nkhaniyi. Achikunda, amene zidzukulu zawo zili ku Luangwa, ku Zumbo ndi ku Kanyemba mpaka lero, anayamba ngati asilikali aukapolo a eni minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya kumunsi kwa mtsinjewu. Ankalondera malire a mbuye wawo, ankasaka njovu chifukwa cha minyanga, ndiponso ankatolera msonkho kwa alimi okhala m'mindamo. Mlimi akaona munthu wa mfuti ataima pafupi ndi nkhokwe yake, sakanadziwa msanga ngati wabwera kudzam'teteza kwa adani kapena kudzatapa mapira. Nthawi zambiri anali atabwerera zonse ziwiri. Mindayo itagwa m'zaka za m'ma 1800, ambiri a iwo anakwera mtsinje n'kukadzimangira moyo wawowawo. Sindikukumba mbiriyi kuti ndinyoze mtundu wa anthu. Iwo eni anali ogwidwa. Ndikungoti kukhala ndi mlonda pakhomo sikutanthauza kuti mlondayo ndi wako.

Taonani sola ya ngongole, imene makampani monga Sun King ndi MySol afikitsa m'midzi ndi m'makomboni. Umalipira pang'ono poyamba, n'kutenga sola, batire, mababu, mwina ndi wailesi kapena TV. Kenaka umalipira pa Airtel Money kapena pa MoMo, ndipo masiku amene walipira akatha, kabokosi kamadzitseka kokha. Amenewa ndiwo makina odziyendetsa okha amene ambiri a ife tili nawo kale m'nyumba, pamodzi ndi mita ya ZESCO imene imadula malaiti mayunitsi akatha. Kunena chilungamo, popanda loko ameneyu palibe kampani ikanakongoza sola munthu wopanda malipiro a pamwezi ndiponso wopanda chikole. Lokoyo ndiye chikole chake, ndipo ana ambiri awerengera mayeso pa kuwala kumeneku m'malo mwa kandulo. Koma taganizirani mwezi umene njovu zadya munda, kapena chaka ngati 2024, pamene pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Mwini kantemba amene wakukongoza sopo ukhoza kumugwadira. Amakudziwa, anali pamaliro a amayi ako, akhoza kunena kuti udzapereke ukagulitsa nsomba. Kabokosi sikamva Chinyanja kapena Chikunda. Kamazima pa tsiku lake, ndipo palibe munthu amene anayang'ana banjalo kumaso n'kusankha kulisiya mumdima. Pamene palibe wosankha, palibenso amene angachite manyazi. Kwa ine apa ndi pamene makina amatichotsera chinthu chamtengo: nkhanza ikuchitika, koma ilibe mwini wake woti n'kumudandaulira.

Kamera nayo ili ndi ambuye ake ena kuseri. Zithunzi za makamera ambiri a pa intaneti sizikhala m'nyumba mwako. Zimakasungidwa m'makompyuta a kampani. Mu 2023, bungwe la boma la America lotchedwa Federal Trade Commission linaimba mlandu kampani ya Ring, ya Amazon, kuti inalekerera antchito ake kuonera mavidiyo a makasitomala. Linati wantchito wina anakhala miyezi ingapo akuonera mavidiyo ambirimbiri a akazi ali m'zipinda zogona ndi m'mabafa. Kampaniyo inavomera kulipira madola 5.8 miliyoni. Akaziwo anagula makamerawo kuti azigona mtima uli m'malo.

Koma ife a m'komboni nthawi zambiri sitikhala kumbuyo kwa kamera. Timakhala kutsogolo kwake. Ndife amene timakolopa ku Kabulonga, kutchetcha kapinga ku Ibex Hill, kulera ana a eni ake ku Woodlands. Mtsikana wochokera kumudzi, kaya ku Luangwa kaya ku Petauke, amapeza diso lakuda pakona ya denga la khitchini, ndipo amadziwa kuti madamu akhoza kumuona ali kuofesi. Nkhaniyi ndi yovuta, ndipo sindifuna kuipeputsa. Kamera yagwirapo olera ana akumenya makanda amene sangathe kudzinenera. Kamera yapulumutsanso wantchito amene akanamangidwa chifukwa cha ndalama zimene anaba ndi mwana wa m'nyumba momwemo. Mayi amene wasiya khanda la miyezi isanu ndi umodzi m'manja mwa munthu amene wam'dziwa sabata ziwiri zokha ali ndi chifukwa chomveka.

Chimene chimandivuta n'chakuti munthu woonedwa nthawi zonse salandiranso mphatso yokhulupiriridwa. Kale wantchito akatha zaka zisanu osasowetsa ngakhale supuni, ankapeza dzina, ndipo dzinalo linali chuma chake. Pansi pa kamera, zaka zisanu zomwezo zimangosonyeza kuti kamera imagwira ntchito. Komanso diso limeneli limayang'ana mbali imodzi. Limawerenga masupuni a shuga amene mtsikanayo wathira mu tiyi, koma silijambula tsiku la 30 likadutsa malipiro osaoneka, kapena abwana akamagogoda pa kachipinda kake usiku. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, koma mtsikana amene akudya ndi kugona kwa amene amamulipira sangatsutsane naye ndi buku la malamulo m'manja. Chimene ndingaumirire n'chochepa: munthu auzidwe kuti pali kamera ndi pamene ili, ndipo pamene amagona, kusamba ndi kuvala pasakhale diso la wina aliyense. Kamera yobisa m'chidole si chitetezo. Ndi msampha, ndipo misampha timatchera mbewa.

Madzi amene amadutsa pa Kavalamanja amakhala atadutsa kale pa Kariba. M'chaka cha chilala chija damulo linaphwa kwambiri, ndipo m'madera ambiri malaiti ankabwera maola atatu okha pa tsiku. Mabatire a mageti ndi a mipanda anayamba kufa, makamera n'kuzima. Amene ankathamangira kukakankha geti lolemera lija ndi manja anali mnyamata wa m'dimba yemwe uja, amene kamera inaikidwa kuti izimuyang'anira.

Kavalamanja amadziwika m'mbiri pa chifukwa china. Pa 6 March 1978 asilikali a Rhodesia anaoloka Zambezi ndi ndege zankhondo n'kuukira msasa wa ZIPRA, asilikali omenyera ufulu wa Zimbabwe, umene unali kumeneko. Kunafa omenyera ufulu, kunafa asilikali a Zambia, ndipo anthu a m'midzi anathawa kusiya nyumba zawo. Mwezi wa March chaka chilichonse kumachitika mwambo wokumbukira tsikulo. Dziko la Kenneth Kaunda likanatseka chitseko n'kuuza anthu a tsidya lija kuti nkhondo yanu si yathu, mabomba amenewo sakanagwa pa Kavalamanja. Kukanakhala kotetezeka. Komabe anthu sapita kumeneko chaka ndi chaka kukalira kuti chitseko chinatsegulidwa molakwa. Nyumba yotetezeka kotheratu ndi imene simulowa mlendo, ndipo sindikudziwa munthu amene amafuna kuti pamaliro ake adzam'tamande kuti geti lake silinatsegukirepo aliyense.

Ambiri a inu amene mukuwerenga simugula makinawa chaka chino, koma ena ndinu amene mudzawakhome, chifukwa ntchito yoika makamera, mageti ndi masola ikudyetsa achinyamata ambiri mu Lusaka. Ndi ntchito yabwino, iphunzireni. Musinthe pasiwedi imene kamera yabwera nayo kufakitale. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi zipangizo zina zambirimbiri padziko lonse chifukwa eni ake sanasinthe. Mukamaliza ntchito, mufufute nyumba ya kasitomala pafoni yanu, ngakhale iye sakudziwa kuti mukanatha kumaionerabe. Tsiku lina bwana adzakutengerani kuseri kwa nyumba, adzaloza kachipinda kamene amagona mtsikana wantchito, n'kunena motsitsa mawu kuti ina yaing'ono muike umu. Lendi yanu idzakhala isanalipidwe, ndipo drilo idzakhala m'manja mwanu.