Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi

Aliyense amene anathamangapo m'mphepete mwa nyanja, kapena mumtsinje wouma mwezi wa Okutobala, amaudziwa mchenga. Phazi likaponda limatitimira, ukati udzikankhe mchengawo umathawira kumbuyo, ndipo mphamvu zambiri zimathera pomwepo. Pa msewu wouma munthu wamiyendo akhoza kunyamuka mochedwa n'kukawapitirira anzake kutsogolo. Mumchenga zimenezo n'zosowa. Wotsogola amatopa, wotsalira amatopanso chimodzimodzi, koma mpata umene unalipo ponyamuka umakhalabe pomwepo mpaka kumapeto. N'chifukwa chake akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amaunena mwambiwu pa zinthu zimene ukachedwa kuyamba, khama la pambuyo silibweza zomwe zatayika, monga kubzala ndi mvula yoyamba kapena kulowetsa mwana sukulu pa msinkhu wake.

Mwambiwu ukugwira bwino pa nkhani imene ikusowetsa tulo ophunzira ambiri m'mayunivesite a ku America ndi ku Britain, kuphatikizapo ana athu ena amene ali kumeneko. Kuli ntchito ya m'mabanki akuluakulu yotchedwa investment banking. Si ya pa kauntala yolandira ndi kupereka ndalama ayi. Ndi yolangiza makampani akafuna kugulana kapena kuphatikizana, kuwathandiza kugulitsa masheya awo koyamba pa msika, ndi kuwapezera ngongole za mabiliyoni. Eni ake ntchitoyi ndi mabanki ngati Goldman Sachs, Morgan Stanley ndi JPMorgan, komanso ena ocheperako koma otchuka monga Evercore ndi Lazard. Mu 2021 Goldman Sachs inakweza malipiro a wongoyamba kumene kufika madola 110,000 pa chaka, bonasi isanawerengedwe. Mu 2024 anthu oposa 300,000 anafunsira internship, ntchito ya kanthawi yophunzirirapo, ku banki yomweyi, ndipo amene anatengedwa sanakwane mmodzi mwa anthu 100 alionse.

Mabankiwa ali ndi mayunivesite amene amawakonda, ndipo ophunzira amawatchula kuti target schools. Ku America kuli Wharton ya ku University of Pennsylvania, Stern ya ku New York University, Harvard, Cornell ndi ena. Ku Britain kuli London School of Economics, Oxford, Cambridge, Imperial ndi Warwick. Kumeneko mabanki amabwera okha, kuchititsa misonkhano madzulo, kugwira ophunzira chanza ndi kusunga mayina. Mwana amene ali pa yunivesite imene mabanki saiyendera akamva zimenezi mtima umamuwawa, ndipo ndimamumvetsa. Amaganiza zosamuka. Chovuta n'chakuti ambiri maganizowa amawafikira ali kale m'chaka chachiwiri, ndiye amafuna kunyamula zikwama mu Januwale, chaka cha sukulu chili pakati.

Apa ndi pamene mchenga ukuonekera. Digiri ya ku America ndi ya zaka zinayi. Ntchito yokhazikika m'mabankiwa nthawi zambiri imachokera pa internship ya masabata pafupifupi khumi, imene munthu amagwira kuyambira Juni mpaka Ogasiti akamaliza chaka chachitatu. Koma mabanki sadikira chaka chachitatucho. Masiku ano amasankha anthu awo pafupifupi chaka ndi theka pasadakhale, wophunzira akadali pakati pa chaka chachiwiri. Ndiye kuti amene wafika pa yunivesite yatsopano mu Januwale wafika mwezi womwewo umene anzake akutumiza makalata ofunsira ntchito, ena ayamba kale kuyankha mafunso a pa vidiyo a HireVue.

Taonani zimene anzakewo anyamula m'manja pa tsiku limenelo. Ali ndi magiredi a masemesita atatu a pasukulupo. Wosamukayo alibe ndi imodzi yomwe, pakuti mayunivesite ambiri amayamba kuwerengera magiredi a wosamuka mwatsopano. Anzake analowa kale m'makalabu a zachuma, amene ambiri amalemba mamembala chaka chikamayamba, mu Sepitembala, ndipo m'makalabu mmenemo ndi momwe achikulire amaphunzitsa ang'ono awo mafunso amene amatuluka pa intaviyu. Chachikulu kuposa zonsezi, anzake akhala miyezi yambiri akulembera maimelo ndi kuimbira foni anthu amene anaphunzira pasukulupo kale ndipo tsopano ali m'mabanki a ku Wall Street. Anthu amenewa ndi amene amapatsidwa mulu wa ma CV kuti asankhemo, ndipo dzanja limapita pa dzina limene khutu linalimvapo. Wosamuka uja dzina la yunivesite walipeza, koma chimene chimapatsa dzinalo mphamvu ndi ubale umene umamangidwa pang'onopang'ono, ndipo umenewo sulembedwa pa kalata yomulandira.

Palinso zotayika zina. Lipoti la mu 2017 la Government Accountability Office, ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka boma la America, linapeza kuti ophunzira osamuka ankataya pafupifupi 43 peresenti ya maphunziro amene anali atakhoza kale, chifukwa sukulu yatsopano sinawavomereze. Kutaya maphunziro ndi kutaya ndalama ndi nthawi. Kwa mwana wochokera kunja amene akuphunzira ndi thandizo la yunivesite yake, thandizolo limatsalira komweko, ndipo la osamuka ochokera m'mayiko ena ndi lochepa kwambiri. Komanso Harvard ndi University of Pennsylvania salandira osamuka mu Januwale, amangowalandira chaka chikamayamba. Choncho wosamuka pakati pa chaka nthawi zambiri safika n'komwe kumene mtima wake unkalozera.

Wina anganditsutse ndi mwambi wina, woti kuthamanga sikufika. Ndi zoona, ndipo miyambi iwiriyi sikukangana. Mwambi wa mchengawu sukunena kuti munthu asasunthe pamene ali. Ukunena kuti adziwe pamene anzake akunyamukira, akaime nawo pamenepo. Wophunzira amene waona njira yake ali m'chaka choyamba, n'kulemba makalata ake pofika Malichi, n'kulowa yunivesite yatsopano mu Ogasiti, ali ndi semesita yathunthu yolowera m'kalabu, kupeza magiredi ndi kudziwana ndi anthu. Ameneyo wasamuka, koma wayambira limodzi. Ku Britain, kumene digiri yambiri ndi ya zaka zitatu, mabanki amaitana ophunzira a chaka choyamba ku sabata yotchedwa spring week cha pa Pasaka, ndipo makalata ake amatsegulidwa ophunzirawo atangofika kumene pasukulu. Ena kumeneko amalolera kuyambiranso chaka choyamba pa yunivesite ina. Ndi mtengo wowawa, chaka chathunthu ndi fizi yake, koma ndimaona nzeru mmenemo kuposa kulumphira pakati.

Chimene chimandipweteka pa nkhani yonseyi n'chakuti belu lonyamukira silimveka kwa onse. Mwana amene bambo ake kapena amalume ake amagwira ntchito ku New York kapena ku London amadziwa kalendala imeneyi asanalowe n'komwe yunivesite. Mwana wochokera ku Zomba kapena ku Chipata, amene wafika ndi nzeru zake zokha, amatha chaka choyamba akuzolowera kuzizira ndi kulimbikira m'kalasi, poganiza kuti akakhoza bwino zina zonse zitsatira, monga anamuphunzitsira kwawo. Akamadzamva za target schools, anzake ali patali. Si ulesi, palibe amene anamuuza. Ife amene tili ndi ana, adzukulu ndi ang'ono athu kumeneko, ngati tikudziwa kanthu, tiwauze asanakwere ndege.

Tiwauzenso kuti mchengawo suthera pa chipata cha banki. Mu 2021 achinyamata 13 a chaka choyamba pa ntchito ku Goldman Sachs analemba kuti ankagwira ntchito maola pafupifupi 95 pa sabata, n'kumagona maola asanu okha usiku. Munthu ali ndi ufulu wosankha moyo umenewo, koma ausankhe akuudziwa, asanasiye aphunzitsi amene amamudziwa dzina ndi anzake amene amamusamala akadwala.

Nanga amene ali kale mu Disembala wa chaka chachiwiri, kalata yosamukira ili pa tebulo? Ndingamuuze kuti aiike kaye pambali, ayang'ane zimene ali nazo pomwe alipo. Indiana University si ya m'gulu la mayunivesite otchuka la Ivy League, koma sukulu yake ya zamalonda ya Kelley ili ndi Investment Banking Workshop imene yakhala ikutumiza ophunzira ku Wall Street kwa zaka zambiri. Ngakhale pa yunivesite yopanda pulogalamu yotere, pamakhala anthu angapo amene anadutsapo n'kulowa m'mabanki, ndipo poti ndi ochepa, ambiri amayankha mwana wakwawo akawalembera. Magiredi ake apamwamba akadali ake. Alembe makalata kuchokera pomwepo, ku mabanki aakulu ndi ang'onoang'ono omwe, pakuti anthu amayambira ku banki yaing'ono n'kudzasamukira ku yaikulu patapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Zikakanika, kuli digiri ya masters ndi ya MBA, kumene mabanki amabweranso kudzalemba anthu, ndipo kalasi yonse imalowa tsiku limodzi.