Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Za Magemu ndi Nyimbo Zatsopano

Aliyense wodziwa msika wa Chiponde, pa malire a dziko lathu ndi Mozambique, adziwanso phokoso lake. Kuyambira pa mseu wochokera ku Namwera kufikira pa chipata cholowera ku Mandimba, nyimbo zilira m'masipika kuyambira m'mawa, ndipo m'tinyumba ta kanema anyamata aunjikana, maso ali pa galasi, zala zili pa timabatani, kumenyetsa mpira umene suutsa fumbi. Makolo ambiri afunsa akatekisti kuti: Kodi zimenezi n'zoipa? Kodi tiwaletse anawa? Funsoli n'loyenera, ndipo lifunika kuliyankha mofatsa, pakuti woyankha msanga angathe kuletsa chabwino, kapena kulekerera choipa.

Kusewera si tchimo

Tiyambe ndi kunena poyera kuti masewera ndi nyimbo n'zabwino. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti monga thupi litopa ndi khasu, mzimunso utopa ndi maganizo, ndipo mpumulo wake ndiwo kusewera ndi kuseka. Uta wokhala chikokere masiku onse uthyoka. Iye adaonjeza kuti munthu wosafuna konse kusangalala, wolemetsa anzake ndi nkhope ya tsinya, nayenso ali ndi cholakwa. Koma adachenjeza kuti masewera afanana ndi mchere: pang'ono akometsa ndiwo, ukachuluka mphika wonse utayika.

Ndiponso chinthu sichiipa chifukwa chakuti n'chatsopano kapena n'chachilendo. Gule wa beni, amene lero timuyesa wa makolo athu kuno ku Mangochi, adafika ndi asilikali obwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo dzina lake lomwe lidachokera ku mabandi a asilikali. Galamafoni idafika m'midzi ndi abale obwera ku Salisbury ndi ku Joni. Akulu a nthawi imeneyo adapukusa mitu monga tipukusira ife lero. Tsono ngati pali vuto, tiyenera kulifuna pena.

Njala yosatha

Taonani m'mene makinawa abwerera. Kampani ya Sony, ya ku Japan, idatulutsa PlayStation yoyamba mu 1994. Yachiwiri idatuluka mu 2000, ndipo adagulitsa makina oposa 150 miliyoni. Yachitatu idadza mu 2006, yachinai mu 2013, yachisanu mu 2020 pa mtengo wa madola 499. Mu June 2025 kampani ya Nintendo idatulutsa Switch 2. Gemu ya mpira imene anyamata aitchabe FIFA, ngakhale eni ake adaisintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, ituluka yatsopano chaka ndi chaka. Nyimbo ndiye zifulumira koposa: imene idagwedeza msika mwezi watha, lero aifufuta mu memori khadi kuti ilowe ina.

Makina ambiri ofika kuno ndi akale, ogwirapo kale ntchito kwina. Mnyamata asewera nao mokondwa, naiwala ndi nsima yomwe. Koma tsiku limene aona pa foni kuti kunja kwatuluka ena, ake aja asanduka chiphakasa m'maso mwake, chonsecho makinawo sadasinthe kanthu. Chasintha ndi mtima wake. Opanga zinthuzi adziwa bwino kuti munthu wokhuta sagula. Chifukwa chake malonda ao ayenda pokhapokha ife tikhale ndi njala. Akulu adatha mau: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Njala imeneyi ili ndi mtengo wake. Ilipira ndi ndalama ya makope, ndi ndowa ya chimanga yotuluka m'nkhokwe mayi ali ku dimba, ndi maola a sukulu amene sabwereranso. Ilipiranso ndi thukuta la mbale amene ali ku Joni, wogona m'kachipinda kamodzi ndi anzake asanu, amene pa foni amumvetsa za PlayStation m'malo mwa feteleza. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidalemba m'gulu la matenda khalidwe la munthu amene magemu amulanda ufulu, kotero kuti asiya ntchito, sukulu ndi abale, osathanso kudziletsa ngakhale aona kuonongeka kwake. Osewera ambiri safika pamenepo ai. Koma njira yake iyamba ndi mau akuti: kamodzi kokha kotsiriza.

Mbuye ndani?

Muyeso woona tsono ndi uwu: pakati pa munthu ndi chosangalatsa chake, alamula ndani? Wokhoza kuika pansi chogwirira pamene mayi aitana, kapena belu la sukulu lalira, ameneyo ndi mfulu, asewere. Wosakhoza wasanduka kapolo, ngakhale unyolo wake uli wa lamba wa magetsi. Muyesowu sukondera achinyamata kapena akulu. Bambo wotandala pa bawo dzuwa lonse, munda uli thengo, alibe pakamwa podzudzulira mwana wa magemu.

Nchosangalatsa kuti Eklezia ali ndi woyera amene adasewerapo makina omwewa. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy, adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV adamulemba m'gulu la oyera pa 7 September 2025. Iye adali ndi PlayStation, naikonda. Koma adadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Sadaiphwanye, ndipo nayo sidamuphwanye. Phunziro lake si kuchuluka kwa mphindi, koma kuti malirewo adawaika yekha, nawasunga.

Chokhalitsa n'chiti?

Pa za nyimbo, nthawi ndiyo ipeta. Alleluya Band idayamba ku Balaka, mu Dayosizi yathu ino, mu 1978, ndipo m'menemo mudakulira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Pamene Lucius adamwalira mu June 2024, dziko lonse lidaimba nyimbo zake za zaka 30 zapitazo, chifukwa zidanenera amphawi zimene iwo sadathe kunena. Giddes Chalamanda, gogo wa ku Chiradzulu, adaimbanso nyimbo zake zakale pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo Linny Hoo idazungulira maiko pa intaneti mwini wake atapitirira zaka 90. Nyimbo yonena zoona sikalamba. Pomvera yatsopano tsono tidzifunse: Kodi ikunenanji za mkazi, za ndalama, za mowa? Kodi ndingaiimbe pamaso pa amai anga? Tikumbukenso kuti woimba ndi wantchito woyenera malipiro ake, ndipo nchifukwa chake bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za aluso.

Mau kwa makolo ndi akatekisti

Inu makolo, kuletsa kokha sikuthandiza; mwana woletsedwa masana apita usiku. Lowani m'kanyumbako tsiku lina, muone chimene asewera, mufunse mtengo wake, mupangane naye za nthawi. Ntchito ndi sukulu zitsogole, gemu itsate. Inu eni tinyumba ta magemu, Akristu ndi Asilamu omwe, mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu musamulandire ndalama yake. Phindu lotere lidya tsogolo la mudzi wanu womwe. Inu akatekisti, pa limana ndi pa maphunziro a ubatizo, musanyoze zimene ana akonda musanazione. Aphunzitseni kudziletsa, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo konzani mpira weniweni ndi kwaya kuti chimwemwe chao chikhale ndi poponda.

Makina ena adzatuluka, ndi nyimbo zina zidzalira pa Chiponde. Zimenezo palibe angaziletse. Chimene chili m'manja mwathu ndi kulera mwana wodziwa kusangalala ndi mtima wonse, ndi kudziwanso nthawi yonena kuti: Basi, zakwana.