Kwa Adzukulu Anga a kwa Wimbe: Musalole Manda Athu Ataye Mayina

Ana anga, m'Chichewa chathu mawu akuti mdzukulu ali ndi nkhope ziwiri. Mwana wa mwana wako ndi mdzukulu, ndipo munthu wogwira khasu kukukumbira nyumba yako yotsiriza ndi mdzukulunso. Makolo sanaphonye potchula choncho. Choncho ndikamati adzukulu anga, ndikuitana inu nonse amene mudzatinyamula ife, ndipo nkhani yanga lero ndi ya kumanda. Ndikudziwa kuti ambiri a inu munakula akukuletsani ngakhale kuloza kumeneko ndi chala, monga anatiletsera ifenso. Ulemu umenewo ndi wabwino, usungeni. Koma mantha akapitirira muyeso amabala umbuli, ndipo umbuliwo ndi umene ukutidyera mbiri yathu kuno kwa Wimbe.

Ndiyambe ndi manda a mpingo wanga wa Angilikani, poti ndi amene ananditsegula maso. Mukatsika ndi msewu wochokera ku Kasungu, kudutsa pa Mtunthama ndi pa Malomo, n'kuboola nkhalango ya zinyama, mukafika ku Nkhotakota. Bambo anga, amene kwawo kunali komweko, ananditengera kumeneko ndili mnyamata. Anandionetsa mkuyu waukulu umene anthu amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, uja ankatumiza akapolo kutsidya kwa nyanja. Kenako anandilowetsa m'tchalitchi cha All Saints, tinayenda mwakachetechete mpaka kutsogolo, iwo n'kuima, n'kundigwira paphewa. Anati, “Mwanawe, pano pagona bishopu.” Ine ndinadabwa kwambiri, chifukwa kwathu kuno manda amakhala kumsitu, kutali ndi nyumba za anthu. Sindinkadziwa kuti munthu angagone m'nyumba yopemphereramo, anthu n'kumaimba pafupi ndi iye Lamulungu lililonse.

Bishopuyo anali Chauncy Maples, wa mishoni ya Angilikani yotchedwa UMCA. Anagwira ntchito zaka zambiri ku Masasi ndi ku Likoma, ndipo pa 29 Juni 1895 anamudzoza kukhala bishopu mu mzinda wa London. Pobwerera kudzayamba udindowo, sanafike n'komwe pa mpando wake. Pa 2 Sepitembala chaka chomwecho, boti limene anakwera linakumana ndi namondwe usiku pa nyanja yathuyi n'kumira. Anyamata oyendetsa botilo anasambira n'kupulumuka, koma iye, amene ankadziwa kusambira, mkanjo wake wa unsembe unamulemera m'madzi. Anamira pamodzi ndi mnzake, Joseph Williams. Patapita masiku thupi la bishopu linapezeka pagombe, analizindikira ndi mkanjo womwewo, ndipo anakaliika ku Nkhotakota. Anali ndi zaka 43. Miyezi iwiri isanathe, wansembe Arthur Fraser Sim, amene anatsegula mishoni ya Nkhotakota mu 1894, anamwaliranso, ndipo anagona m'nthaka yomweyo. Sitima imene inayamba kuyenda panyanja mu 1901 anaitcha dzina la Chauncy Maples.

Taonani mmene ndakuuzirani tsiku, mwezi ndi chaka, ngati kuti ndinaliko. Sindinaliko ayi, ngakhale agogo anga anali ana nthawi imeneyo. Ndikutha kukamba chifukwa alipo anthu amene analemba, ena n'kusunga zolembazo, enanso n'kumasesa pamandapo mpaka lero. Ndi chimodzimodzi Bishopu Charles Mackenzie, amene anayambitsa mishoni ku Magomero mu 1861 n'kumwalira pa 31 Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire: dzina lake silinatayike. Ndipo musaganize kuti ulemu wotere ndi wa azungu okha. Leonard Kamungu, mwana wa m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, anatumikira ku Nkhotakota, anakhala wansembe mu 1909, anapita kukalalikira ku Msoro m'dziko la Zambia, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Manda ake amadziwika, ndipo sukulu yosula ansembe ku Zomba ili ndi dzina lake.

Koma pali china chimene chinandipweteka nditakula n'kubwererako ndekha. Anthu amene ananyamula thupi la bishopu uja, amene anaumba njerwa za tchalitchi, amayi amene ankatunga madzi omangira, akapolo omasulidwa amene anabatizidwa, nawonso anafa ndipo anaikidwa. Ambiri a iwo mtanda wawo unali wa mtengo, chiswe chinadya, mitumbira inaphwa ndi mvula. Amenewo ndiye eni mpingo, ndiye ife, koma mayina awo ambiri anapita ndi mphepo. Sindikudandaula kuti bishopu akukumbukiridwa, iye anayenera. Ndikudandaula kuti ife tinazolowera kuganiza kuti dzina loyenera kulembedwa ndi la munthu wa udindo, pamene la mayi wolima mtedza lingathe kungotsalira m'mutu mwa nkhalamba, ndipo nkhalambayo ikatsamira mkono dzinalo limalowa nayo m'dzenje.

Tsopano tibwerere kwathu kuno, kudziko la fodya. Dera lino ladyetsa anthu ochokera kutali. Matenanti anabwera pa malole kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, ku Dedza, ndi akazi awo ndi ana, kudzalima fodya wa eni minda. Ena anabwerera kwawo, ena anafera kuno. Wofera kuno ankapemphedwera malo kwa amfumu, amfumu n'kuloza m'mphepete mwa manda, kumalo a alendo. Nyengo ya fodya ikatha banja linkasamuka, mtumbira n'kutsala wokha. Kenako inadza njala ya 2001 mpaka 2002. Inu amene muli ndi zaka zosakwana 25 mumangoimva. Anthu anadya gaga, anadya mizu ya nthochi, anagulitsa mbuzi ndi malata pa mtengo wa mbale ya ufa, kolera n'kubwera pamwamba pake. Adzukulu ankakumba ali ndi njala, ndipo ena mwa maliro ankaikidwa ndi anthu owerengeka, popanda bokosi, popanda nyimbo zokwanira. Dziko lonse linamva za njala imeneyo kudzera mwa mwana wa kuno, William Kamkwamba, amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo kwawo ku Masitala. Tinanyadira, ndipo tikunyadirabe. Koma amene njalayo inawatenga, ndani analemba mayina awo?

Chaka china, nthawi yokolola itadutsa, pakhomo panga panafika mnyamata wamtali, atanyamula kachikwama kumsana. Anagwada bwinobwino, n'kunena kuti wachokera kummwera, ndipo akufuna manda a bambo ake, amene anali tenanti kuno n'kumwalira chaka cha njala iye ali wakhanda. Anali atasunga ndalama ya matumba awiri a simenti kuti amange chiliza. Tinapita kwa amfumu, anatilola, tinalowa kumanda anthu asanu. Wina anati ndi paja panali mtengo wa msuku. Wina anati ayi, panali muwanga. Koma msukuwo kunalibe, muwanganso kunalibe. Zinali zitsa zokhazokha, mitengo inapita kukamangira zigafa ndi kuwotchera njerwa. Tinazungulira mpaka dzuwa linapendeka. Mnyamata uja anaima pakati pa udzu wopserera, anavula chipewa, n'kufunsa motsitsa mawu, “Agogo, ndiye ndigwade pati?” Ine amene ndinali nawo pa maliro a bambo akewo, ndinasowa choyankha. Mpaka lero funso limenelo limandidzutsa usiku.

N'chifukwa chake ndikukudandaulirani za mitengo ya kumanda. Mukaima pachulu n'kuyang'ana chigwa chonsechi m'chilimwe, paliponse pamene mukuona kamsitu kobiriwira pakati pa minda yoyera mbee, dziwani kuti pagona anthu. Nkhalango zathu zinatha ndi nkhwangwa, yatsala ndi imene akufa akutisungira. Mbewu za mitengo yachilengedwe, mankhwala a azitsamba, mbalame, zonse zathawira kumeneko. Kwa anzathu a gule wamkulu ndi malo a mwambo wolemekezeka, kwa ife Akhristu ndi malo odikirira kuuka kwa akufa, ndipo pa nkhani yoteteza msitu umenewu palibe choti tikanganirane. Mnyamata wolowa kumanda usiku ndi nkhwangwa chifukwa cha milimo ya chigafa, kapena wozula mtanda wachitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, akufufuta chizindikiro chokhacho chimene mwana wamasiye akanapezera kholo lake. Osaka mbewa nanunso, moto wanu uzithera kutali.

Pali ntchito imene inu mungaigwire kuposa ife. Inu munapita kusukulu, muli ndi mafoni ojambula zithunzi. Gulani kope lachikuto cholimba. Pitani kwa amfumu mwaulemu, mukapemphe chilolezo, pakuti kumanda salowa ngati kumsika. Tengani agogo awiri kapena atatu amene maso ndi mutu zikadali bwino, muyende nawo mzere ndi mzere. Lembani dzina la wogona pamenepo, mfunda wake, kwawo kochokera, chaka chimene anamwalira ngakhale chongoyerekeza ndi njala kapena chisankho, ndi mtengo kapena mwala umene uli pafupi. Musadumphe makanda. Musadumphe alendo, makamaka alendowo, poti alibe wina wowalankhulira. Mukatha, mulembenso zomwezo m'kope lachiwiri, limodzi likhale kwa amfumu, lina kutchalitchi kapena kumzikiti. Ndipo inu a mpingo wathu, funsani abambo wansembe ngati kaundula wa maliro akulembedwa mokhulupirika, ndiponso ngati mabuku akale ali pouma, posafika chiswe ndi makoswe. Agogo akayamba kufotokoza, musawadule pakamwa kuti mwachedwa. Pa dzina limodzi pamatuluka mbiri ya mudzi wonse, za ukwati, za malire a minda, za amene anasamuka ndi chifukwa chake. Milandu ingapo ya malo imene ndaiona pabwalo ikanatha msanga anthu akanadziwa amene anagona pati.

Za chiliza ndinenepo pang'ono, chifukwa ndaona mabanja akulowa m'ngongole ya katapila pofuna mwala wonyezimira wa mumzinda, ana akusowa fizi. Wakufa safuna mpikisano. Thumba limodzi la simenti, mchenga wa kudambo ndi msomali wolembera dzina simenti isanaume, n'zokwanira kuti mdzukulu wa mdzukulu wanu adzapeze pogwada. Chimene ndimakana ine ndi kuwononga chuma pa tsiku la maliro, nkhata mulu, mpunga ndi nyama, kenako osadzapondakonso zaka makumi awiri.

Mu mpingo wathu tsiku la 2 Novembala timakumbukira onse amene anatsogola, ndipo mayina awo amawerengedwa pa Misa. Limafika nthawi yabwino, mvula isanagwe, udzu uli wouma. Chaka chino ndikukupemphani kuti sabata ya tsiku limenelo isanafike, mubwere ndi makasu, masache ndi kope lija, a mpingo uliwonse ndi osapemphera omwe. Ine miyendo yayamba kukana, koma ndikadali kukumbukira pamene panagona anthu ambiri a m'mudzi muno, ndipo ndidzayenda nanu ndi ndodo yanga. Bwerani mudzandifunse ndikadali ndi mawu.