KUSUNGA MAU A PABWALO

Pamudzi pakagwa mlandu anthu amasonkhana pabwalo, patsinde pa mtengo. Wodandaula amayamba kufotokoza, woimbidwa mlandu nayankha. Nkhoswe zimaikapo mau ao, mboni zimanena zimene zinaona, nduna zimafunsa mafunso, ndipo dzuwa litapendeka mfumu imamanga nkhani yonse ndi mau owerengeka. Anthu pobalalika amapita kwao ndi mau owerengekawo: uje walipa mbuzi, munda wa kudambo wabwerera kwa eni ace. Zina zonse zimene zinanenedwa tsiku lathunthu zimatsala patsinde pa mtengo paja, ndipo zikapita zaka zisanu palibe munthu amene angazibwereze monga momwe zinanenedwera.

Makolo anacidziwa cinthu cimeneci. Iwo anati mau a akulu akoma akagonera, ndiko kunena kuti alipo mau ena amene phindu lace silioneka tsiku lomwe anenedwa. Cifukwa cace anali kulola anyamata kukhala kumbuyo kwa akulu pabwalo, kuti okalamba akadzapita patsale wina wokumbukira. Komatu mtima wa munthu ndi nkhokwe yaing'ono, ndiponso ndi yokondera. Umasunga ciweruzo pamodzi ndi mau a amene anapambana, koma mau a wogonja umawataya msanga.

M'caka ca 1929 Boma la Northern Rhodesia linaika malamulo okhazikitsa makhoti a mafumu, ndipo pambuyo pace panayamba kuoneka munthu wacilendo pambali pa mfumu, ndiye kalaliki ndi buku lace. Lero kulibe bungwe lopanda mlembi, kaya ndi la mpingo, la alimi, la aphunzitsi kapena la ndale. Tsono funso limene makolo analibe nalo lafika kwa adzukulu ao. Popeza mau tsopano angathe kusungidwa, kodi ayenera kusungidwa onse, kapena ciweruzo cokha? Ndipo kodi n'cilungamo kuti mau amene munthu ananena kwa anzace tsiku limodzi akawerengedwe ndi alendo iye atagona kale m'manda?

Alipo anthu anzeru amene amati cosungidwa cikhale ciweruzo cokha, ndipo zifukwa zao sizili zopepuka ai. Amati zambiri zonenedwa pamsonkhano ndi gaga: wina abwereza zimene mnzace wanena kale, wina asocera, wina angofuna kuti anthu amve liu lace. Mkazi wopeta sathira gaga ndi mphale m'dengu limodzi. Nanga mlembi alekerenji kupeta? Amatinso munthu pokangana amanena mau motentha mtima, mawa lace nasintha maganizo, kotero kuti kusunga mau ace a dzulo kuli ngati kummangirira pamtengo umene iye anacokapo kale.

Cifukwa coyambaco cikadakhala cokwanira wopetayo akadadziwa kusiyanitsa gaga ndi mphale. Pa cimanga amadziwa, koma pa mau sadziwa, pakuti mau amaonetsa kulemera kwace zaka zitapita. Nkhani ya ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi, ionetsa bwino cimeneci. Mwezi wa January 1915 Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu anaukira Boma, ndipo asanathe masabata awiri iye anali ataphedwa. Boma linaika bungwe la Azungu kuti lifufuze gwero la nkhondoyo. Bungwelo linamva mboni zambiri, Azungu ndi anthu akuda omwe, ndipo m'caka ca 1916 linaturutsa lipoti lalifupi lonena maganizo a iwo amene anakhala pamipando. Lipotilo ndilo linali ciweruzo, ndipo ndilo linasindikizidwa. Koma aphunzitsi ndi akulu a mipingo amene anaima pamaso pa bungwelo ananena zambiri za thangata, za msonkho, za kukwapulidwa m'minda ya Azungu, ndiponso za kukalipiridwa ndi kumenyedwa cifukwa ca kusabvula cipewa pokomana ndi Mzungu panjira.

Mlembi wofulumira akadati nkhani ya cipewa ndi gaga, pakuti cipewa n'ciani poyerekeza ndi nkhondo? Mwamwai umboniwo unasungidwa, ndipo m'caka ca 2015, zitatha zaka 100, wolemba mbiri John McCracken anausindikiza m'buku. Wowerenga wa lero amapeza m'mau a cipewa aja cinthu cimene lipoti silikadatha kumuuza, ndico cakuti anthu aja sanali kudandaula za njala ndi ndalama zokha, koma za ulemu wao, umene unali kupondedwa tsiku ndi tsiku.

Ndiponso zimacitika kuti ciweruzo cimafa, mau a wogonja natsala amoyo. Kuyambira 1946 kufikira 1958 ku Northern Rhodesia kunali bungwe lochedwa African Representative Council, m'mene munali kukhala mafumu, aphunzitsi, abusa ndi akalaliki ocokera m'zigawo zonse za dziko. Bungweli linalibe mphamvu yopanga lamulo. Nchito yace inali kulangiza Boma, ndipo Boma linali laufulu kumva kapena kusamva. Pamene inadza nkhani yophatikiza Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, anthu a m'bungweli anaikana. Mau ao sanamveredwe, ndipo Citaganya cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953. Munthu wosunga ziweruzo zokha akadalemba mzere umodzi, wakuti Citaganya cinakhazikitsidwa, ndipo mdzukulu akadayesa kuti agogo ace anangokhala cete. Koma zokambidwa m'bungwelo zinalembedwa ndi kusindikizidwa. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, pamene mau a anthu amene anagonja aja alipobe, ndipo ndiwo amacitira umboni kuti eni dziko anakana poyera, masana, pamaso pa akulu a Boma.

Palibe amene angadziwiretu kuti msonkhano uti udzakhala waukuru. Pamene Donald Siwale ndi David Kaunda anayambitsa kabungwe ka ku Mwenzo m'caka ca 1912, anali aphunzitsi a mishoni okambirana zobvuta za kwao. Mabungwe otere atacuruka m'matauni anagwirizana m'caka ca 1946, ndipo m'caka ca 1948 mgwirizanowo unasanduka Congress. Wofuna kudziwa kumene ufulu wa 1964 unayambira ayenera kubwerera ku timisonkhano tating'ono timeneti, ndipo adzapeza zokhazo zimene alembi ace sanaziyese zacabe.

Pali coopsya cina coposa kusadziwa kwa wopeta, ndico kukondera kwace. Amene ali ndi mphamvu yosankha zosungidwa kawirikawiri amakhala yemweyo amene mau ena akummanga. Pamene maiko a mu Africa anali pafupi kulandira ufulu, Iain Macleod, nduna ya ku London yoyang'anira maikowo, analamula m'caka ca 1961 kuti mapepala amene angacititse manyazi Boma la Britain asasiyidwe m'manja mwa maboma atsopano. Ena anatenthedwa, ena anatumizidwa ku Mangalande nabisidwa pamalo ochedwa Hanslope Park. Anakhala obisika zaka pafupifupi 50, kufikira pamene okalamba ena a ku Kenya, amene anazunzidwa m'ndende pa nthawi ya Mau Mau, anasumira Boma la Britain. M'caka ca 2011 Bomalo linabvomera kuti mapepalawo alipo, ndipo m'caka ca 2013 linabvomera kulipira anthu 5,228, ndipo ndalama zonse pamodzi ndi zolipirira mlanduwo zinakwana mapaundi 19.9 miliyoni. Pakati pa mapepala amene anaturuka pa nthawiyo panalinso a ku Northern Rhodesia ndi a ku Nyasaland. Akulu anati mlandu suola. Koma mlandu wa okalamba aja ukadabvuta kwambiri mapepala onse akadapita kumoto, ndipo za amene anapsyawo palibenso mboni. Mwini mlandu sayenera kukhala wopeta umboni.

Tsono cifukwa caciwiri cija, ca munthu womangidwa ndi mau ace a dzulo, ndico colemera koposa, ndipo siciyenera kukankhidwa pambali. N'zoona kuti pepala lilibe cifundo. Munthu amakalamba, amaphunzira, amalapa, koma pepala limanenabe zomwezo. Komabe cimene cimapweteka munthu kawirikawiri si kusungidwa kwa mau ace, koma kusungidwa kwa cidutswa ca mau ace. Godwin Mbikusita Lewanika anali mtsogoleri woyamba wa Congress m'caka ca 1948. Patapita zaka analowa cipani cobvomereza Citaganya nakakhala m'Nyumba ya Malamulo ku Salisbury. Ndipo m'caka ca 1968 anakhala Litunga wa Alozi. Wosunga tsamba loyamba lokha adzanena kuti munthuyu anali ngwazi yosagwedezeka, wosunga laciwiri lokha adzanena kuti anali wogulitsa anzace, ndipo onse awiri adzakhala atanama ngakhale kuti palibe liu limene apeka. Coonadi ca munthu cili m'masamba onse pamodzi. Momwemonso mau amodzi ozulidwa pakati pa mkangano, popanda tsiku lace, popanda funso limene anali kuyankha, popanda yankho limene analandira, ali ngati mboni yonama. Mankhwala a bvuto limeneli ndiwo kusunga zonse ndi kuziwerenga pamodzi. Manyazi a mdzukulu sali cifukwa cokwanira cotenthera buku la agogo.

Koma wosunga ali ndi mangawa enanso kwa eni mau. Ayenera kusiyanitsa mau a pabwalo ndi mau a m'nyumba. Cimene munthu ananena ataimirira pamsonkhano wa dziko, podziwa kuti mlembi alikulemba, n'ca anthu onse. Koma m'mabuku a makhoti ndi a mipingo muli nkhani za maukwati osweka, za matenda, za ana amene atate ao anakanidwa, ndipo eni ace anazinena pofuna thandizo, osati pofuna kuchuka. Zimenezi zisatayidwe, pakuti mwa izo a m'tsogolo adzadziwa makhalidwe a anthu wamba, amene maina ao salembedwa m'mabuku a mbiri. Koma zisaululidwenso eni ace ali moyo. Maiko ambiri anapeza njira yapakati, ndiyo kudikira. Ku Britain lamulo la 1958 linati mapepala a Boma atsekedwe zaka 50, ndipo lamulo la 1967 linacepetsa zakazo kukhala 30. Ciwerengero ca zaka cingasinthe, koma nzeru yace ndi yomwe ija ya makolo, yakuti mau agonere. Kudikira kusiyana kutali ndi kubisa: wodikira amanena poyera kuti buku lilipo ndi kuti lidzatsegulidwa caka cakuti, pamene wobisa amakana kuti kulibe buku.

Otsala ndi adani opanda njiru, ndiwo moto, ciswe, cinyezi ndi ulesi. M'caka ca 1919 moto unatentha ofesi yaikuru ya Boma ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyamba za Boma la Nyasaland zinathera pomwepo, popanda munthu wolamula kuti zipsye. Mlimi wocenjera saika mbeu yace yonse m'nkhokwe imodzi. Cifukwa cace ku Lusaka kuli nyumba ya National Archives of Zambia, kumene amasunga mabuku amene mabwana a maboma anali kulembamo za mafumu ndi midzi. Ndipo mapepala a cipani ca UNIP anajambulidwa ndi thandizo la British Library kuti akhale m'malo oposa amodzi. Pakati pa mapepala amenewo pali makalata a African National Congress ya Harry Nkumbula, cipani cimene cinalimbana ndi UNIP zaka zambiri cisanamezedwe m'caka ca 1973. Zolembedwa za wogonja zinapulumukira m'nyumba ya wopambana, ndipo wolemba mbiri lero angathe kumva mbali zonse ziwiri.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu posacedwa adzapemphedwa kugwira colembera pamsonkhano wina, pakuti anthu amapereka buku kwa amene anapita kusukulu. Mwina udzakhala msonkhano wa alimi khumi ndi awiri okangana za malire a dimba kapena za ndalama za citsime, ndipo nchitoyo idzaoneka yonyozeka. Iyeyo alembe tsiku ndi malo, ndi maina a amene analipo. Alembe cimene anagwirizana, komanso alembe kuti ndani anakana, ndi cifukwa cimene anakanira, ngakhale wokanayo akhale mmodzi yekha, wosauka, kapena mdani wa wapampando. Wamkuru akadza madzulo kudzampempha kuti ang'ambe tsamba lina, akane mwaulemu. Ngati wamkuruyo wasintha maganizo, mau ace atsopano alembedwe pa tsamba lotsatira, akale natsala pamalo pace. Mlendo akadza kudzafunsa za m'nyumba ya wina zimene zili m'bukumo, alitseke. Buku likadzala asaliike pansi pa mphasa kapena patsindwi lodontha, koma alipereke kwa amene adzalowa m'malo mwace, ndipo amuuze kumene kuli mabuku ena amene analitsogolera.