Kodi Ngongole ya Wosakwatira Imapepuka?

Werengani 2 Mafumu 4:1-7, Mlaliki 4:9-12, 1 Akorinto 7:32-35, Yeremiya 32:6-15.

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri pakati pathu, ngakhale pabwalo la tchalitchi potuluka m'mapemphero. Pakamveka kuti mphunzitsi wachinyamata wa ku Nselema, wosakwatira, walephera kubweza ndalama za banki mkhonde, anthu amafunsana modabwa kumene ndalama zake zimapita, popeza alibe mkazi kapena mwana. Koma bambo wa ana asanu akalephera chimodzimodzi timamumvera chisoni, ndi kunena kuti banja ndi katundu wolemera. M'mawu amenewa mwabisala chiweruzo chakuti umbeta umapeputsa ngongole, ndi kuti wosakwatira amene wamira m'ngongole ndi wosasamala chabe. Chiweruzo chimenechi chiyenera kuyesedwa, pakuti ndicho muyeso umene tikuyezera abale ndi alongo amene timadya nawo Mgonero wa Ambuye.

Tivomereze poyamba chimene chili choona. Polembera Akorinto, mtumwi Paulo anaona kuti wosakwatira ali ndi ufulu umene wapabanja alibe, chifukwa mtima wake sugawanika. Iye ankanena za kutumikira Ambuye, koma ufulu womwewo umaonekanso pa ndalama. Mnyamata wokhala yekha akatsimikiza kudya nsima ya masamba miyezi itatu kuti amalize ngongole, palibe mwana amene adzalirira sopo kapena nsapato. Angathe kugulitsa njinga yake lero osapempha maganizo a wina, kapena kupita ku Liwonde kukafuna ganyu osasiya munthu akudandaula. Ndipo kukhala awiri sikutanthauza nzeru nthawi zonse. Hananiya ndi Safira anali awiri, ndipo anagwirizana bwino lomwe pa chinyengo (Machitidwe 5:1-10). Alipo amayi ambiri amene ankabweza ngongole zawo mokhulupirika, kufikira tsiku limene bambo anapeza pamene ndalama za gulu zinkasungidwa.

Koma kodi wosakwatira wodya yekha ameneyu timampeza kuti kwathu kuno? M'midzi ya Machinga munthu amene alibe banja lake sasowa anthu omudalira. Pa mwambo wathu ana a mlongo amayang'ana kwa malume awo, ndipo malume amene ali pa ntchito koma sanakwatire ndiye woyamba kukumbukiridwa. Fizi ya mwana wa kusekondale, thumba la feteleza la mayi, galimoto yonyamula wodwala kupita naye kuchipatala cha boma ku Liwonde, bokosi la maliro, zonsezi zimafika pakhomo pake ndi mawu amodzi: inu mulibe udindo. Wapabanja ali ndi pothawira. Akanena kuti akambirane kaye ndi akunyumba, aliyense amamvetsa. Wosakwatira akakana amatchedwa woumira. Choncho ngongole zambiri za osakwatira sizinatengedwe chifukwa cha zovala kapena foni, monga timaganizira, koma chifukwa cha ife abale awo.

Mneneri Yeremiya analamulidwa kuti asakwatire (Yeremiya 16:2), komabe udindo wa pachibale unamupeza ali m'ndende. Hanameli, mwana wa mbale wa atate wake, anabwera kudzamuuza kuti agule munda wa ku Anatoti, popeza iye ndiye anali woyenera kuuwombola. Yeremiya anagula chifukwa Yehova anamuuza kutero, monga chizindikiro chakuti dziko lidzakhalanso ndi mtendere. Koma taonani mmene anachitira. Anayeza masekeli 17 a siliva, analemba kalata, anaitana mboni, napereka makalatawo kwa Baruki kuti asungidwe mu mbiya. Munthu wopanda mkazi anadzifunira mboni. Ambiri a ife tikamathandiza achibale timathamangira kwa wakatapila usiku, popanda wodziwa.

Pamenepa ndi pamene pagona vuto lalikulu. Ngongole imakula bwino mumdima. M'banja, ngakhale la mikangano, pamakhala munthu wachiwiri woona kuti mbuzi yachoka m'khola, nafunsa. Funso lake limawawa, koma limapulumutsa. Wokhala yekha angathe kukongola K100,000 kwa wakatapila wofuna theka pamwamba pake pakutha pa mwezi, nakongolanso kwina kuti atseke dzenje loyambalo, ndipo miyezi isanu ndi umodzi idzatha popanda womufunsa kanthu. Pa Sabata amabwera atavala bwino, amaimba m'kwaya, amatsogolera phunziro. Timadzadziwa tsiku limene katundu wake akutulutsidwa m'nyumba.

Mlaliki ananena za awiri amene wina akagwa mnzake amamudzutsa. Vesi limeneli timakonda kuliwerenga pa ukwati, koma wolembayo sanatchule ukwati. Ananena za munthu ndi mnzake. Tanthauzo lake timaliona pa nthawi ya tsoka. Mu 2017 mtengo wa nandolo unagwa dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, ndipo alimi amene anakongola podalira mbewuyi anatsala manja ali m'khosi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga minda ndi nyumba m'chigawo cha kumwera. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga ku Machinga ndi ku Balaka. Masoka amenewa sanafunse za chikalata cha ukwati. Koma m'nyumba ya anthu awiri, munda ukakanika, mayi amakazinga zitumbuwa, bambo napalasa kabaza, ndipo chiwongoladzanja cha mwezi umenewo chimapezeka. Wokhala yekha akagona ndi malungo milungu iwiri, okala yake imakhala yotseka milungu iwiri, pamene ngongole ikuyendabe.

Tiyeneranso kusamala ndi mawu akuti mbeta, chifukwa amaphimba anthu osiyana kwambiri. Mnyamata wa pa mphala ndi mbeta. Mayi amene mkamwini anamuchokera, namusiyira ana anayi ndi ngongole ya feteleza, nayenso timamutcha mbeta. Palinso mlongo amene m'kaundula wa mpingo ndi wokwatiwa, koma mwamuna wake anapita ku Joni pa ngongole ya ulendo, ndipo papita zaka osatumiza kanthu. Wokongoza amagogoda pakhomo pa amene watsala. Kunena kuti onsewa zinthu zimawapepukira chifukwa ali okha ndi kulankhula osaona.

Mkazi wa pa 2 Mafumu 4 anali wa gulu limeneli. Mwamuna wake anali mmodzi wa ana a aneneri, munthu woopa Yehova, komabe anamwalira ali ndi ngongole. Malembo sabisa zimenezi, ndipo ife tisafulumire kuyesa ngongole ngati chizindikiro cha kupanda chikhulupiriro. Ngongoleyo inatengedwa pa nthawi ya ukwati, koma inafuna kubwezedwa pa nthawi ya umasiye, ndipo wokongoza anali kudza kudzatenga ana ake awiri akhale akapolo. Elisa sanamuuze kuti akafune mwamuna wina. Sanamuuzenso kuti ngongole ya womwalira ilibe kanthu. Anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba, ndipo mayiyo anatchula kambiya ka mafuta. Kenaka anamutuma kwa anansi ake onse kukabwereka zotengera zopanda kanthu.

Tiyime pang'ono pa anansi amenewa, chifukwa m'nkhaniyi ndiwo akufanana ndi ife. Kuti abwereke zotengera, mayiyo anayenera kuyenda khomo ndi khomo, ndipo mudzi wonse unadziwa kuti ali pa mavuto. Chinsinsi chinatha. Anansiwo sanamupatse ndalama kapena kumulipirira ngongole. Anamubwereka mbiya zimene iwo sankazigwiritsa ntchito tsiku limenelo. Ndipo mafuta analeka kutuluka pamene zotengera zinatha. Mphamvu inali ya Mulungu, koma kuchuluka kwa chimene mayiyo analandira kunalingana ndi mbiya zimene anapeza kwa anansi. Pomaliza mneneri anaika zinthu m'dongosolo lake: agulitse mafuta, abweze ngongole, ndipo zotsalazo adye iye ndi ana ake.

Potero yankho lathu pa funso lija ndi lakuti, kwathu kuno, umbeta kawirikawiri umalemeretsa ngongole, ndipo mbali ina ya kulemerako timaisenzetsa ndife. Pokonza msonkhano wa misasa kapena pomanga tchalitchi timalembera osakwatira ndalama zochuluka, poganiza kuti alibe pogwiritsa ntchito. Pofuna woyimira mnzake pa ngongole timatchula iwo, ngakhale Miyambo 6:1-5 imachenjeza za msampha wa chikole chotere. Mayi wamasiye akachedwa kubweza m'gulu la banki mkhonde, amene amapita kukazula malata kapena kutenga mbuzi yake yomaliza nthawi zina ndi alongo a mumpingo momwemo. Chilamulo cha Mose chinaletsa kutenga chovala cha mkazi wamasiye ngati chikole, ngakhalenso mphero imene banja limadyera (Deuteronomo 24:6, 17). Dziko lathu linakhazikitsa lamulo mu 2011 loletsa kulanda chuma cha masiye. Kodi mpingo udikire lamulo la boma kuti uchite chimene unauzidwa kale?

Izi sizimasula wosakwatira ku udindo wake. Wokongola ayenera kubweza (Masalmo 37:21, Aroma 13:8), ndipo ufulu umene Paulo anautchula ndi talente imene idzafunsidwa. Mbale amene alibe womufunsa kunyumba adzisankhire womufunsa: mkulu wa mpingo, mayi wa Dorika wokhwima maganizo, kapena bwenzi losaopa kumukhumudwitsa, amuonetse ngongole zake zonse zolembedwa papepala, pamodzi ndi zimene amachita nazo manyazi. Aphunzirenso kuuza achibale mwaulemu kuti mwezi uno sangathe, pakuti Paulo yemweyo sanafune kuti ena apumule pamene ena akupsinjika (2 Akorinto 8:12, 13). Kupatsa mphwako ndalama za katapila ndi kupereka chimene sichili chako.

Palinso msampha wina woyenera kuutchula poyera. Alipo alongo amene amalowa m'banja mothamanga, ngakhale kukhala mkazi wachiwiri, chifukwa mwamunayo walonjeza kuwalipirira ngongole. Aliponso anyamata ofunsira mkazi atayang'ana kaye malipiro ake. Ukwati wotere umangosintha dzina la wokongoza, ndipo watsopanoyu amagona m'nyumba momwemo.

M'kalasi mwanu Sabata lino, musatchule dzina la munthu, koma werengani mumtima osakwatira, osiyidwa ndi amasiye amene mwakhala nawo. Ndi angati amene munawapemphapo ndalama chaka chino? Nanga ndi angati amene munawabwerekapo khasu, njinga, kapena tsiku limodzi la kupalira m'munda mwawo?