Ukamalemba mayeso pa kompyuta, mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga, akuti mayeso a sukulu yako ya pa intaneti ulembera kuseri kwa golosale ya amalume ako muno mumsika, poti ndi pomwe netiweki imagwira bwino. Khala apa ndikuuze.

Woyang'anira mayeso amenewa sakhala nawe m'chipinda, koma amaona kuposa mphunzitsi woyendayenda pakati pa madesiki. Pulogalamu imene adzakuuze kuti uike pa laputopu imajambula chilichonse chooneka pa sikirini. Kamera imakhala pankhope pako, maikolofoni ikutola mawu. Usanayambe adzati uonetse chitupa chako, uzungulitse kamera chipinda chonse. Ukatsegula tsamba lina, ngakhale mwangozi, makina amaika chizindikiro, ndipo wodzaweruza ndi munthu amene sanapondepo kuno ku Nkhata Bay.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti makinawo sadziwa msika. Sadziwa kuti tsiku lofika sitima ya Ilala anthu amadzaza mpaka kudoko, kuti woitanira minibasi ya ku Mzuzu amakuwa pakhomo penipeni, kuti mayi wogulitsa usipa atha kusuzumira kudzapempha chenji. Kwa iwo liwu lililonse ndi la munthu wokunong'oneza yankho, ndipo ukacheukira kukhomo ndiye kuti ukuonera. Mwana wosalakwa atha kutaya chaka chonse chifukwa cha phokoso la ena. Choncho pempha chipinda chokhoma kutali ndi msika, uuze a pakhomopo kuti kwa maola amenewo asakuitane ngakhale nsima itapsa. Tchajiratu laputopu dzulo lake, bandulo ikhale yokwana. Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka, lemba nthawi yake, uwadziwitse a sukulu tsiku lomwelo.

Anzako ena adzakuuza kuti ubise foni pamwendo. Usawamvere. Mu November 2020 boma linaimitsa mayeso a MSCE atabedwa, ndipo ana onse, akuba ndi osaba omwe, anakalembanso mu January 2021. Makolo ambiri muno analira nazo. Mayeso ako ano akajambulidwa, umboni umasungidwa, sungakane.

Komanso dziwa kuti amene akuona sikirini yako akuona zonse zimene zili pamenepo. Tseka WhatsApp, chotsa zithunzi za kunyumba ndi mauthenga a ndalama usanalowe. Uwafunse a sukulu kuti zojambulazo amazisunga nthawi yaitali bwanji, ndipo amaziona ndani. Kufunsa zimenezi si mwano. Ukamaliza mayeso, pulogalamuyo uichotse pa laputopu, chifukwa mng'ono wako amagwiritsanso ntchito yomweyo.